Mapini M'kamwa mwa Azakhali

M'nyumba ija chinenero chathu chinkalowa mozemba ngati mphaka wakuba. Mwini nyumba, yemwe anthu a mumsewu wonse ankamutcha Dikishonale chifukwa chokonda chizungu, analamula mwana wake wamkazi atangobadwa kuti pamaso pa mwanayo pasamveke chinenero china koma Chingerezi basi. Mkazi wake, wogulitsa mankhwala m'sitolo ina m'tauni, anavomera ndi manja awiri. Mwana anakuladi choncho. Pofika zaka zinayi ankatha kukudandaulira m'chizungu kuti tiyi watentha, koma ukamuuza kuti akhale pansi ankangokuyang'ana ngati ukumuwerengera nkhani za pa wailesi. Pakhomopo ankamutcha Kamphepo, poti mwanayo kuyenda sankakudziwa, kwake kunali kuthamanga.

Azakhali ake, mlongo wamkulu wa Dikishonale, ankakhala m'chipinda chakuseri ndi makina awo osokera. Anali telala wa mbiri, koma chizungu chawo chinathera pa manambala a pa tepi. Komabe sungakhale m'nyumba ya utsi osanunkha utsi. Mawu ena anawalowa okha m'khutu, makamaka amene mlamu wawo ankakuwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa: “Don't run!” “Don't go there!” “Don't climb!” Usathamange, usapite uko, usakwere. Azakhali anafika poganiza kuti Chingerezi ndi chinenero cha anthu ongoletsana kuyenda.

“Ife tikati usapite, kukanako timakusokerera m'kati mwa mawu momwemo,” anamuuza mlongo wawo tsiku lina. “Azungu akowa amangomata kachigamba kutsogolo, mawu opita aja n'kukhala momwe analili. Ntchito yaulesi.”

Dikishonale anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi.

Ndiye panali masewera a pageti. Madzulo alionse Dikishonale akaweruka ku ofesi ankazimitsa njinga yake yamoto panja, kulowa pageti, kugwada bondo limodzi, kutambasula manja, n'kukuwa ngati munthu amene waona mkango: “Don't come! Don't run! Don't come!” Usabwere, usathamange. Kamphepo, kaya ali m'bafa kaya ali pakati pa chakudya, ankasiya zonse n'kuliyatsa liwiro kukadziponya m'manja mwa bambo ake. Bamboyo ankagwa chagada, miyendo m'mwamba, kunamizira kulira kuti mwana wake samva. Ankaseka onse awiri mpaka misozi.

Masewerawo sanathere pageti. Ukamuitana Kamphepo kuti abwere sankabwera ngakhale umulonjeze switi, koma ukati “Don't come” ndi uyu wafika kale. Choncho amayi ake anayamba kumuitanira mawu omwewo kukasamba. Azakhali ankang'ung'udza kuti anthu awa akuphunzitsa mwana kuti ayi ndi inde. Koma tisanamizane, nawonso akafuna kumuyeza m'chiuno ankayang'ana uku ndi uku, n'kunong'oneza kuti “Don't come.” Chinthu chikamathandiza, ndani amachitaya?

Pakati pa azakhali ndi mwanayo panali lamulo limodzi lokha, ndipo silinkafuna chinenero. Tsiku lina akumuyeza siketi, Kamphepo anadumphadumpha, pini inamubaya pantchafu, analira tsiku lonse. Kuyambira pamenepo, akangoona mapini m'kamwa mwa azakhali ankaima nji ngati mtengo, osagwedezeka mpaka pini yomaliza itachoka pamilomo. Pamoyo wake wonse ndi nthawi yokhayo imene mwanayo ankaima malo amodzi.

Tsiku la nkhaniyi mvula inagwa kuyambira masana, n'kukata dzuwa litapendeka. Makolo onse anali kuntchito. Azakhali ankasoka diresi lachikasu la tsiku lobadwa la Kamphepo, kutatsala mpendero wokha. Pakhonde panali mdima wa mitambo, maso awonso anali atayamba kufooka, ndiye anatenga kampando ka thabwa n'kukakaika kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi mpanda wa njerwa, komwe kunali kowala. Pabwalo ponse panali zithaphwi. Anamunyamula mwanayo ali chosavala nsapato, kumuimika pakampando, kudzaza mapini m'kamwa, n'kuyamba kupinda mpendero.

Atafika pakati anazindikira kuti aiwala choko. Anakweza chala kumuuza mwana kuti adikire, n'kudumpha zithaphwi kubwerera kukhonde, mapini akadali m'kamwa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kunabwera mphepo imodzi yokha, yamphamvu, ngati yotsalira m'mvula ija. Nthambi ya mtengo wa m'mbali mwa msewu inathyoka, khoo! n'kugwera waya wa magetsi wochokera papholo kubwera kunyumbako. Wayayo anaduka cha kudenga, anakwapula pansi, n'kuthetheka moto wabuluu m'madzi. Azakhali atatembenuka anaona wayayo atagona pabwalo, kuchokera pamwamba pa mpanda pafupi ndi geti, kukhota kutsogolo kwa kampando, mutu wake utamira m'chithaphwi chachikulu. Kuti mwana apite kukhonde, waya anali panjira. Kuti apite kugeti, waya anali panjira. Kumbuyo kwake kunali mpanda wautali, pamwamba pake atamatapo magalasi a mabotolo oswa.

Mtima wa azakhali unangoti phaa. Mwina magetsi azimira pomwepo, anadzinamiza. Koma nkhuku ya pakhomo loyandikana, imene inkakonda kudzatolatola pabwalopo, inathawa phokosolo n'kuponda m'chithaphwi chija. Inadumpha kamodzi, kugwa chammbali, kuphiriphitha pang'ono, basi zii.

Kamphepo analoza nkhukuyo n'kufunsa kanthu m'chizungu. Nkhope yake inali yachidwi, osati yamantha. Kenako anayang'ana azakhali ake n'kupinda mawondo, monga amachitira mwana akafuna kudumpha.

Mawu amene anathamangira pa lilime la azakhali ndi omwe aja. Mawu ena a chizungu akanawatenga kuti? Anafika mpaka kumano, koma mapini anatseka njira, ndipo chinangotuluka ndi kaphokoso ka pakhosi. Ngakhale pa kaphokoso komweko, maso a Kamphepo anawala, chidendene chinanyamuka. Mayo ine! Akanangomaliza mawuwo, akanamupha mwana ndi pakamwa pawo.

“Mmm!” anatero mwaukali, akuloza mapini pamilomo pawo.

Chidendene chinabwerera pathabwa. Kamphepo anaongoka, manja m'mbali, chibwano m'mwamba.

Tsopano atani? Foni yawo inali m'chipinda, ndipo kuchotsa maso pa mwanayo ngakhale pang'ono kunali kosatheka. Kuseri kwa mpanda wa kumanzere kunali kanyumba ka wometa tsitsi, wailesi yake ikusokosa monga mwa masiku onse. Azakhali anavula nsapato n'kuiponya padenga la malata la kanyumbako. Nyimbo zinapitirira. Anavula inzake n'kuponyanso ndi mphamvu zonse.

Posakhalitsa mutu wa wometa unatulukira pamwamba pa mpanda, atakwera pampando wake, chipeso chili m'tsitsi.

“Kodi a Telala, mwayamba kugenda anthu ndi nsapa… Mayooo! Waya!”

“Sekererani, achimwene,” anatero azakhali. Mawuwo ankatulukira m'mbali mwa pakamwa, monga amalankhulira matelala mapini ali m'kamwa, ndipo anawatulutsa mokoma ngati akuimba nyimbo yogonetsa mwana. “Sekererani ndati. Mukakuwa mwana achita mantha adumpha. Zimene tikukambazi sakumva, koma nkhope amaziwerenga.”

Wometa anaonetsa mano onse, thukuta lili kamukamu. Kwa zaka zinayi azakhali akhala akudandaula kuti mwana wa mlongo wawo samva chinenero cha makolo ake. Lero anathokoza Mulungu kuti samva.

“Imbani foni kwa anthu a magetsi,” anapitiriza ndi mawu a nyimbo omwe aja. “Auzeni kuti waya wamoyo wagwera mwana.”

Mutu uja unasowa. Azakhali anamva wometa akukuwa pafoni kuseri, kufotokoza njira, kubwereza, kulumbira. Atatulukiranso anati, “Akubwera. Akuti akazimitsira ku thiransifoma. Akuti munthu asaponde madzi, asakhudze waya ngakhale ndi ndodo, chilichonse chanyowa. Koma a Telala, ine nditati ndiyale bulangete pamagalasipa n'kumukoka?”

“Mkono wanu ndi wautali bwanji? Akaona mukumufikira asuntha yekha, kampando kapendekeka. Ayi. Ndipo wailesi yanuyo musazimitse. Ili pamagetsi, eti?”

“Eya.”

“Isiyeni ilire. Ikakhala chete tidziwa kuti azimitsa.”

Wometa anatuma kasitomala wake, bambo wina wonenepa yemwe anali atametedwa mbali imodzi yokha ya mutu, kuti akaime pageti kuletsa anthu kulowa. Geti linali lotsegula theka. Bamboyo anaima panja, nsalu yometera ikadali pakhosi, akubweza ana ndi amayi amene anayamba kusonkhana.

Kenako kunali kudikira. Amene anayesapo kuimika mwana wa zaka zinayi malo amodzi akudziwa zimene ndikunena. Azakhali anatambasula tepi ali pakhonde pomwepo, kutsinzina diso limodzi, kunamizira kuyeza kuchokera patali. Anapendeketsa mutu ngati sakukhutira ndi mpendero. Anayezanso. Kamphepo poyamba anaseka, kenako anatopa nazo. Anayamba kusinthanitsa miyendo. Anayang'ana nkhuku, anayang'ana waya, anayang'ana azakhali ake. Kumulola kuti akhale pansi sikukanatheka, chifukwa mapazi akanalendewera m'madzi.

Mapini ena onse anatsala m'kachitini pafupi ndi kampando, kutsidya kwa waya. Amene anali m'kamwa ndi omwewo basi, ndipo mwanayo ankawayang'anitsitsa, kudikira kuti achepe. Azakhali sanachotse ngakhale imodzi. Nsagwada zinayamba kuphwanya, malovu anatsikira pachibwano, koma kumeza ankaopa. Mumtima ankangoti, Ambuye, ngati pafunika munthu lero, tengani ine nkhalamba, ndasoka zokwana.

Ndiye anamva phokoso limene ankaliopa kuposa bingu. Njinga yamoto ya Dikishonale inali ndi kulira kwakekwake, kokhosomola, kodziwika mumsewu wonse.

“Daddy!” anakuwa Kamphepo, nkhope yonse kuwala. Anatembenukira kugeti, zala za kumapazi zitagwira m'mphepete mwa thabwa.

“Mmm! Mmm!” Azakhali anamenya phazi pasimenti. Kenako, mokoma, kwa wometa: “Thamangani. Mugwireni asanafike pageti. Mwana asamuone.”

Kunja kunamveka njinga ikuima, mawu akulimbana, nsapato zikukhwekhwereza m'matope. Dikishonale anali wocheperako thupi, koma zinatengera wometa ndi kasitomala wake onse awiri kuti amukanikizire kumpanda.

“Ndisiyeni! Mwana wanga! Achemwali, chikuchitika n'chiyani?”

“Tsitsa mawu, iwe,” anatero azakhali, akumwetulira mwana. “Ali bwinobwino. Waima pathabwa louma. Waya wamuzungulira, ndipo ndi wamoyo, wapha kale nkhuku. Ukangoonekera pagetipo, athamanga.”

“Ndimuuza kuti asabwere!”

“Umuuza ndi mawu ati?”

Kuseri kwa mpanda kulimbana kuja kunaleka.

“Nenatu,” anatero azakhali. “Chizungu ndi chako. Umuuza ndi mawu ati?”

“Alipo ena,” anayankha Dikishonale. “Ndimuuza aime. Ndimuuza adikire. Ndimufotokozera bwinobwino.”

“Akangomva mawu ako pagetipo adziwa kuti masewera ayamba. Unene chilichonse, iye amva chimodzi. Tinamuphunzitsa tokha, iwe, mkazi wako, ndi ine ndemwe. Khala chete, mlongo wanga, ndakugwira mwendo. Usaoneke, usamveke.”

Kamphepo anatchera khutu. Anali atamva kanthu kofanana ndi mawu a bambo ake, koma m'chinenero chimene bambo ake sankalankhula iye alipo. Anadikira kuti geti litseguke. Anadikira bondo ligwade, manja atambasuke. Pageti panalibe munthu.

“Auntie, Daddy isn't coming?”

Awa azakhali anawamva bwino lomwe: kodi adadi sabwera? Anapukusa mutu n'kulozanso mapini.

Mwanayo anaganiza pang'ono, monga amaganizira ana akaona kuti akuluakulu aiwala malamulo a masewera. Kenako anatambasula timanja take kuloza kugeti, n'kukuwa ndi mawu ake onse:

“Daddy! Don't come! Don't come, Daddy!”

Ankamuitana. Ankamuitana ndi mawu okhawo amene ankadziwa kuti salephera. Kuseri kwa mpanda kunamveka kubuula kwa munthu wamkulu, kenako phokoso ngati la mutu ukugunda njerwa. Azakhali anamvera mlongo wawo chisoni mpaka m'mafupa. Anamulera okha munthu ameneyu, anamubereka kumsana, ndipo sanamumvepo akulira chonchi chikhalire.

“Don't come, Daddy!” Tsopano mawu a mwanayo anayamba kusweka. Phazi limodzi linatsika pang'ono m'mphepete mwa kampando, zala zikufunafuna pansi.

“Mmmm!” Azakhali anabangula ndi pakhosi, maso ali psu. Phazi linabwerera, koma anadziwa kuti ulendo wina silibwerera. Bola mwanayo akudziwa kuti bambo ake ali kuseri kwa mpanda, palibe pini imene ingamugwire.

“Liza njinga uzipita,” anatero kwa mlongo wawo.

“Mwati bwanji, achemwali?”

“Liza njinga, amve kuti wapita. Aganize kuti anali munthu wina. Pita ukawachingamire a magetsi, uwatsogolere ku thiransifoma, asataye nthawi kufunsa njira.”

“Ndimusiye mwana wanga? Ndimusiye apa?”

“Ukakhala ndiye umupha. Pita!”

Kenako njinga inakhosomola, inalira, phokoso lake n'kuyamba kutalikira. Kamphepo anamvetsera, pakamwa pali yasa. Atazindikira kuti ikupitadi, analira kulira kwa mwana amene wasiyidwa pamsika.

“Don't go! Daddy, don't go!”

Ulendo uno mawuwo ankatanthauza zimene amatanthauza. Misozi ya azakhali inatsika n'kusakanikirana ndi malovu, koma milomo sanaimasule. Anakweza tepi, kutsinzina diso, kuyezanso mpendero kuchokera patali. Mwana analira ataima. Ankawayang'ana azakhali ake ndi chidani chenicheni, koma anaima.

Wometa anathamangira kumphambano kuti akaone ngati galimoto ya magetsi yadutsa. Pageti panatsala bambo wa mutu watheka uja. Wailesi inkaimbabe, nyimbo ina yachikondi yopanda mutu, ndipo azakhali sanaidepo nyimbo ngati mmene anaidera imeneyo. Khala chete, ankaiuza mumtima. Khala chete, chonde.

Pa zonsezi anaiwala munthu mmodzi. Dikishonale asanalize njinga anali ataimbira mkazi wake foni, n'kungoti waya wagwa, mwana ali pabwalo, basi n'kudula. Za masewera a pageti sanatchule, poti mutu wake sunali pamalo.

Wailesi inaduka pakati pa mawu. Zii.

Azakhali anatchera khutu. Kodi azimitsadi? Kapena wina wa m'khamu lija waizimitsa kuti amve bwino zochitika? Kapena pulagi yangosomoka? Waya anali chigonere momwe analili, wakuda, wosanena kanthu. Anatsegula mbali ya pakamwa kuti aitane munthu akaone ngati babu likuyaka kwa wometa.

Sanathe. Kunja kunamveka chitseko cha galimoto, mapazi othamanga, ndi bambo uja akuti, “Mayi, dikirani, mayi!” Ndani angagwire mayi wa mwana pa nthawi yotere? Mlamu wawo anatulukira pageti atavala gauni loyera la kuntchito, nsapato imodzi itatsala m'matope. Anaona waya. Anaona mwana wake pakampando. Anatambasula manja onse awiri kutsogolo kuti amuletse, n'kukuwa ndi mantha ake onse:

“Don't come! Don't come!”

“Alamu, ayiii!”

Mapini anamwazika pasimenti, ina itang'amba mlomo. Koma kunali kutachedwa. Kamphepo anaseka m'kati mwa misozi, poti tsopano wina wakumbukira masewera. Anadumpha. Mapazi onse awiri anagwera m'chithaphwi, madzi anathovoka. Anathamanga, diresi lachikasu likuuluka, anadutsa pambali pa nkhuku yakufa, ndipo azakhali anaona ndi maso awo phazi lamanzere likuponda pa waya penipeni.

Mwana anapitirira n'kukagwera m'manja mwa amayi ake.

Anthu amene anasuzumira pageti anangoti kakasi. Azakhali anakhala pansi pa sitepe yonyowa. Patali kunamveka wometa akubwera chothamanga, akukuwa ngati wapambana mpikisano: “Azimitsa! Azimitsa! A Telala, azimitsa!”

Amayi a Kamphepo anamukumbatira mwana wawo, kumupsompsona m'mutu, kumufunsa mafunso ambirimbiri m'chizungu. Kenako anakweza maso n'kuona mmene anthu akuwayang'anira. Anaona nkhuku. Anaona timapazi m'matope, kuchokera pakampando, kudutsa pa waya, kudzafika pamene anagwada. Anayang'ana manja awo, amene anali atatambasula monga amatambasulira bambo a mwana madzulo alionse. Nkhope yawo inachita phulusa.

“Alamu,” ananong'oneza m'chinenero chathu, kwa nthawi yoyamba pamaso pa mwana wawo. “Alamu, ndamuitana. Ndamuitana ndine.”

Azakhali anali ndi mawu ambiri amene anasungira mlamu wawoyu kwa zaka, okonzakonza, akuthwa bwino. Onse anasowa. Anadzuka, anawoloka bwalo chosavala nsapato, akulambalala waya ngakhale anali wozima, n'kugwada pambali pawo.

“Nanenso ndikanamuitana,” anatero. “Anandiletsa ndi mapini, osati nzeru. Mumasuleni pang'ono, diresilo lili ndi mapini, akubayani.”

Pamkono pa gauni loyera panali timadontho ta magazi. Mayiyo sanamasule.

Njinga inakhosomolanso panja, n'kugwa pansi chifukwa mwini wake sanaiimike n'komwe. Dikishonale anaima pageti, matope mpaka m'mawondo, pachipumi patatupa. Kamphepo atamuona anadzipotokola kuchoka m'manja mwa amayi ake. Koma sanathamange. Anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti mtunda ukwane, anapukuta mamina ndi mkono, anapinda mawondo, n'kudikira. Masewera ali ndi malamulo ake.

“Say it, Daddy.”

Ankamuuza kuti anene mawu aja. Dikishonale anagwada bondo limodzi. Anatambasula manja. Anatsegula pakamwa, munthu amene sanasowepo mawu a chizungu chibadwire, koma milomo inangonjenjemera. Anayesanso, osatheka. Maso ake anali pa waya.

“Bwera, mwanawe,” anatero pomaliza, mawu atasasa. “Bwera kuno.”

Kamphepo anakwinya nkhope. Anayang'ana amayi ake, anayang'ana azakhali ake amene ankapukuta magazi pamlomo ndi nsonga ya tepi, kufuna wina amuuze zimene bambo ake anena. Anaima pomwepo, mpendero utapindidwa theka, akudikirabe.

Ndiye bambo ake anatsitsa bondo linalo, n'kuyamba kuyenda chogwada m'matope kupita kwa iye.